Don Bosco Woyera, Bambo wa Ana Opirikitsidwa

Pa 31 Januwale Eklezia amakumbukira wansembe amene anatola ana otayidwa ndi anthu onse, nawasandutsa amisiri ndi Akhristu olimba.

Giovanni Bosco anabadwa pa 16 Ogasiti 1815 m'kamudzi ka Becchi, m'dziko la Italy. Atate ake anamwalira iye asanakwanitse zaka ziwiri, ndipo amayi ake, a Margherita, anamlera mu umphawi ndi m'chikhulupiriro. Mkulu wake Antonio sanafune kumuona ndi buku m'manja, kotero kuti mwanayo anachoka pakhomo nakagwira ntchito m'munda wa eni. Anapirira ndithu, nalowa seminale ya ku Chieri mu 1835, nalandira unsembe ku Turin pa 5 Juni 1841.

Masiku amenewo anyamata ankakhamukira mumzinda wa Turin kukafuna ntchito. Ambiri analibe pogona, analibenso sukulu kapena wowalangiza, ndipo njala inkawaphunzitsa kuba. Bambo Giuseppe Cafasso anapita naye wansembe watsopanoyo kundende, kumene anapeza ana a zaka 12 kufikira 18 atadzala nsabwe, akungokhala tsiku lonse. Chimene chinamlasa mtima koposa nchakuti ambiri akamasulidwa sankachedwa kubwereramo, pakuti kunja kunalibe wowalandira.

Pa 8 Disembala 1841, akuvala zovala za Misa, anaona wosamala sakristiya akumenya ndi kupirikitsa mwana wamasiye, dzina lake Bartolomeo Garelli, chifukwa sankadziwa kutumikira pa guwa. Don Bosco anamuitanitsa, namlankhula mokoma, ndipo Misa itatha anayamba kumphunzitsa katekisimu. Mnyamatayo anabweranso ndi anzake, ndipo gululo linakula mpaka mazana. Pakuti anali ana aphokoso ndi ausiwa, ankawathamangitsa paliponse pamene asonkhana, ndipo ansembe ena anayesa kuti mnzawoyo wazungulira mutu. Mu 1846 anapeza chisakasa cha a Pinardi ku Valdocco, ndipo a Margherita anasiya mudzi wawo nadzakhala mayi wa ana onsewo.

Tsono anazindikira kuti mwana wanjala ndi wopanda luso sasungika ndi ulaliki wokha. Anatsegula sukulu ya madzulo ya anyamata ogwira ntchito masana. Mu 1853 anayamba kuwaphunzitsa kusoka nsapato ndi zovala. Pambuyo pake anawonjeza kumanga mabuku, ukalipentala ndi kusindikiza. Amene ankaphunzira ntchito kwa amisiri a mumzinda, iye ankawalembera mapangano, kuti bwana asamenye mwana, amlipe moyenera, namlole kupumula pa masiku a chikondwerero.

Maleredwe ake anawaimika pa mafuwa atatu: nzeru, chipembedzo ndi chikondi chooneka. Mphunzitsi asadikire kuti mwana alakwe kenaka nkumlanga, koma akhale naye pafupi m'kalasi ndi pabwalo la masewera, kuti mpata wolakwa usapezeke. Chikoti anachikana, ndi kudzudzula mwana pamaso pa anzake sankakufuna. Zipatso zake zinaoneka pa Michele Magone, mtsogoleri wa anyamata ovuta a ku Carmagnola, amene anachotsedwapo m'sukulu chifukwa cha chipwirikiti. Don Bosco anamlandira mu 1857. Mwanayo anatembenuka mtima, namwalira imfa yoyera mu 1859.

Chaka chomwecho anayambitsa chipani cha Asalesiani, ndipo mu 1872, pamodzi ndi Maria Mazzarello, anayambitsa chipani cha asisitere olera atsikana. Anamwalira pa 31 Januwale 1888, thupi litatheratu ndi ntchito, ndipo Papa Pius XI anamlemba m'gulu la Oyera pa 1 Epulo 1934.

Inu akatekisiti, aphunzitsi ndi makolo, pa mphakati uliwonse pali mwana amene anachotsedwa sukulu, kapena amene timamtulutsa pa katekisimu chifukwa cha mwano. Kumtulutsa nkosavuta, ndipo nthawi zina nkofunika kuti ena aphunzire mwabata. Koma atatuluka apita kwa yani? Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Timlondole kwawo, timve chimene chikumvuta, timpezere mmisiri womphunzitsa ntchito, ndipo khomo la tchalitchi lisamtsekekere.

Don Bosco Woyera, mutipempherere ife ndi ana athu.