Howard Temin, Munthu Amene Anasekedwa

Mwa anthu onse otchuka amene aphunzitsi athu a Biology anatisimbira, ine mtima wanga unakhala pa Howard Temin. Iye anabadwa mu 1934 ku Philadelphia, m'dziko la America, ndipo kuyambira 1960 anagwira ntchito pa Yunivesite ya Wisconsin, kufufuza kachilombo koyambitsa zotupa mu nkhuku.

Mu 1964 ananena kuti kachilomboka kamasandutsa RNA yake kukhala DNA, ndi kuilumikiza pa DNA ya selo limene kalowamo. Anzake ambiri anamuseka, pakuti onse anaphunzira kuti DNA ndiyo imapanga RNA, osati RNA kupanga DNA. Koma iye sanataye mtima. Mu 1970, pamodzi ndi Satoshi Mizutani, anapeza enzyme yochita ntchitoyi, yotchedwa reverse transcriptase. David Baltimore anaipezanso payekha, ndipo mu 1975 awiriwa analandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi Renato Dulbecco.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? HIV imachita chimodzimodzi. M'selo la munthu muli ulusi wa DNA wotalika mamita 2, wokulungidwa pa mapuloteni, ndipo kachilomboka kamakonda kulowa pamene ulusiwo wapindika. Kakalowa sikachoka. Ndicho chifukwa chake abale athu amamwa ma ARV tsiku ndi tsiku, ndipo ena mwa mankhwalawa amatsekereza enzyme yomwe ija.

Temin anamwalira mu 1994 ndi khansa ya m'mapapo, chinkana sanali kusuta fodya. Anzanga, akadaopa kusekedwa, abale athu angati akadakhala moyo lero?