Samuel Orton: dokotala amene anaonetsa kuti kuvutika kuwerenga si kupanda nzeru

Pali ophunzira amene amamva bwino zonse zimene mphunzitsi akulankhula, nayankha mafunso mwanzeru, koma akapatsidwa buku amawerenga mocedwa ndipo polemba amasokoneza zilembo. Vuto limeneli limatchedwa dyslexia. Mmodzi wa anthu oyamba kuonetsa kuti gwero lake si ulesi kapena umbuli anali a Samuel Torrey Orton, dokotala wa ku America amene anamwalira m'caka ca 1948.

A Orton anabadwa pa 15 October 1879 mumzinda wa Columbus, m'cigawo ca Ohio. Atate awo, a Edward Orton, anali katswiri wa za miyala ndiponso mtsogoleri woyamba wa yunivesite ya Ohio State. Ataphunzira pa sukulu yomweyo, a Orton anapita ku yunivesite ya Pennsylvania kumene anatsiriza maphunziro a udokotala mu 1905. Zaka zawo zoyamba pa nchito anazithera m'zipatala za odwala matenda a maganizo, akufufuza zimene zimaonongeka mu ubongo wa munthu. Mu 1919 anasankhidwa kukhala mkulu woyamba wa cipatala ca matenda amenewa ku Iowa City.

Nchito yawo inatenga njira ina mu 1925, pamene anatsogolera gulu la acipatala kupita ku boma la Greene, m'cigawo ca Iowa. Aphunzitsi anapemphedwa kutumiza ana amene anali kulephera m'kalasi. Atawapima, a Orton anapeza kuti ena mwa ana amene sanali kutha kuwerenga anali ndi nzeru zofanana ndi za anzawo, ndipo ena anali kuposa. Pakati pawo panali mnyamata wa zaka 16 amene anali kuonedwa ngati wocepa nzeru. A Orton anamuyesa m'njira zosafuna kuwerenga, ndipo anatsimikiza kuti mayeso akale anali kumupeputsa, cifukwa anali kupima luso la kuwerenga m'malo mopima nzeru zake.

Madokotala a ku Ulaya anali atalembapo kale za vutoli. Rudolf Berlin wa ku Germany anagwiritsa nchito dzina lakuti dyslexia mu 1887, ndipo Pringle Morgan wa ku England anafotokoza za mnyamata wotere mu 1896. Koma ambiri anali kuliyesa vuto losowa. A Orton anati ana otere ngambiri m'masukulu wamba, ndiponso kuti angathe kuphunzira ngati aphunzitsidwa moyenera.

Poona kuti anawo anali kusokoneza zilembo monga b ndi d, a Orton analitcha vutoli strephosymbolia, kutanthauza zizindikiro zopotoka. Anaganiza kuti mbali ziwiri za ubongo zinali kulimbana, popanda ina yotsogolera pa nkhani ya cilankhulo. Ofufuza a pambuyo pake sanagwirizane ndi ganizo limeneli. Masiku ano kukudziwika kuti vuto lalikulu ndi kusiyanitsa timamvekedwe ta mawu ndi kutigwirizanitsa ndi zilembo, ndiponso kuti nthawi zambiri limayenda m'magazi a banja.

Ngakhale zinali tero, mankhwala amene anapereka anakhalitsa. Atasamukira ku New York mu 1928, anagwira nchito ndi mphunzitsi Anna Gillingham, amene pamodzi ndi Bessie Stillman anakonza buku lotsogolera aphunzitsi. M'njira imeneyi mwana amaona cilembo, amamva kamvekedwe kake, amakatchula yekha, nacilemba ndi cala, ndipo sapita patsogolo asanagwire bwino cimene waphunzira. Njirayi imadziwika ndi dzina lakuti Orton-Gillingham. Buku la a Orton lofotokoza mavuto a ana pa kuwerenga, kulemba ndi kulankhula linatuluka mu 1937.

A Orton anamwalira pa 17 November 1948 ku Poughkeepsie, ali ndi zaka 69. M'caka cotsatira, akazi awo a June Orton pamodzi ndi anzawo a pa nchito anakhazikitsa bungwe lowakumbukira, limene tsopano limatchedwa International Dyslexia Association.

Phunziro lawo likukhudzanso Zambia, pakuti dyslexia siitha munthu akakula. Mwana wa ku Nkana East kapena ku Chifubu angapose mayeso a sekondale mwa kuloweza ndi kumvetsera, n'kufika pa Copperbelt University, imene inakhazikitsidwa ku Kitwe mu 1987, popanda womuzindikira. Kumeneko mabuku ndi ocindikala, ndipo maphunziro ndi a m'Cingelezi, cimene kalembedwe kake sikatsata katchulidwe monga mmene Cinyanja cimacitira. Wophunzira wotere amathera usiku wonse pa mutu umene anzake amawerenga m'maola awiri, ndipo nthawi ya mayeso imamuthera akudziwa mayankho.

M'mayunivesite a maiko ambiri, wophunzira akapimidwa n'kupezeka ndi vutoli amaonjezeredwa nthawi pa mayeso, amaloledwa kujambula mawu a mphunzitsi, ndipo amagwiritsa nchito kompyuta yomuwerengera zolembedwa. Mafunso sacepetsedwa ayi. Colinga cake n'cimene a Orton anaona mwa mnyamata wa ku Iowa uja: mayeso apime zimene wophunzira akudziwa, osati liwiro lake lowerenga.