Dr. Daniel Malikebu: dokotala amene adabwezedwa pakhomo la kwawo

Anthu ambiri amene amakaona manda a Dr. Hastings Kamuzu Banda ku City Centre mumzinda wa Lilongwe amabwerako ndi ganizo lakuti iye ndiye Mmalawi woyamba kukhala dokotala. Si choncho ayi. Pomwe Kamuzu ankamaliza maphunziro ake pa Meharry Medical College ku Nashville m'dziko la America m'chaka cha 1937, n'kuti patatha zaka 20 mnyamata wina wa ku Chiradzulu atalandira kale digiri yaudokotala pasukulu yomweyo. Mnyamatayo adali Daniel Sharpe Malikebu.

Malikebu adabadwa cha m'ma 1889. Sukulu adayambira pa Providence Industrial Mission, yomwe ambiri amangoti PIM, mishoni imene Mbusa John Chilembwe adatsegula pa Mbombwe m'chaka cha 1900. Kumeneko adakumana ndi mayi Emma DeLany, mmishonale wachikuda wochokera ku America, amene ankamuphunzitsa uku iye akuwathandiza ntchito zapakhomo.

Mayiwa atabwerera kwawo m'chaka cha 1905, mnyamatayu adawatsatira. Adayenda wapansi mpaka kudoko la Beira ku Mozambique, n'kupeza ganyu pasitima yapamadzi, ndipo adadzera ku London asadafike ku New York.

Ku America adayamba ndi sukulu ya Selma ku Alabama, n'kupitiriza mpaka kukafika pa Meharry pomwe adamaliza m'chaka cha 1917. Adachitanso maphunziro a Baibulo pa Moody Bible Institute ku Chicago, popeza cholinga chake chidali kudzachiza matupi ndi kulalikira Mawu nthawi imodzi. M'chaka cha 1919 adamanga banja ndi Flora Zeto, mayi wobadwira ku Congo amene adaphunzira pa Spelman ku Atlanta.

Koma iye ali pasukulu, kumudzi zinthu zidasokonekera. Mu Januwale 1915 Chilembwe adaukira boma la atsamunda, ndipo pa 3 Febuluwale adaphedwa. Asilikali adaphulitsa tchalitchi chachikulu cha njerwa cha pa Mbombwe, boma lidatseka mishoniyo, ndipo akhristu ambiri adanyongedwa, ena kumangidwa, ena kuthawa. Munthu amene ankakonzekera kudzagwira ntchito pambali pa mphunzitsi wake adatsala wopanda mphunzitsi, wopanda tchalitchi.

Ngakhale zidali choncho, m'chaka cha 1921 a Malikebu ndi akazi awo adalongedza katundu kubwera ku Nyasaland. Atafika pachipata cholowera m'dziko, akuluakulu aboma adawakaniza. Mlandu padalibe. Vuto lidali lakuti adali wophunzira wa Chilembwe, ndiponso adaphunzira pakati pa anthu akuda a ku America, omwe atsamunda ankawakayikira kuti amaphunzitsa Aafirika mwano.

Tangoganizani. Munthu wazaka zopitirira 30, wokhala ndi maphunziro amene panthawiyo padalibe mbadwa ina ya dziko lino idali nawo, akubwezedwa ngati mlendo. Anzake amene adawasiya ku Chiradzulu adali ndi minda yawo, ana awo akuthamanga pabwalo. Anzake a m'kalasi ku America adali atayamba kale kuona odwala. Iye adalibe nyumba, adalibe chipatala, adalibe ngakhale chilolezo choponda dothi la makolo ake.

Ululu woterewu si wachilendo kwa achinyamata athu. Alipo ambiri ku Lilongwe amene amadzuka m'mawa ndi envelopu ya makalata kupita ku Capital Hill, madzulo n'kubwerera wapansi kudepoti ya ku Old Town, pomwe mnzawo amene ankakhala naye desiki imodzi akufolera nyumba ku Area 43. Chimene chimapweteka kwambiri si njala, koma funso la kunyumba lakuti nanga iwe zako zidzayamba liti.

A Malikebu akadatha kubwerera ku America kukadya za udokotala wawo, ndipo palibe akadawadzudzula. M'malo mwake adatsala mu Africa. Adakhalako ku South Africa, kenaka adapita ku Liberia komwe adakagwira ntchito pasukulu ya mpingo wa Baptist yotchedwa Ricks Institute. Ntchitoyo idali ya eni, m'dziko la eni, koma adaigwira. Apa m'pamene chikhristu cha munthuyu chikuonekera bwino kuposa pa ulaliki uliwonse umene adalalikira: adakhulupirira kuti amene adamuitana kukatumikira kwawo sadaiwale, ndipo podikirapo sadapinde manja. Ngakhale Mose uja adayamba waweta nkhosa za apongozi ake ku Midiyani asadatumidwe kwa Farao.

Nako ku Mbombwe akhristu otsala sadaleke kupemphera, ngakhale dzina la PIM lidali loopsa kulitchula. Iwonso ankadikira.

Boma lidafewa mtima patapita zaka 5, ndipo m'chaka cha 1926 a Malikebu adaloledwa kulowa m'dziko. Kuwerengera kuchokera 1917, zidali zaka 9 dokotalayu ali ndi digiri m'manja koma asadachizepo munthu mmodzi wa kwawo. Adali ndi zaka pafupifupi 37, ndipo chimene adapeza pa Mbombwe chidali bwinja.

Mothandizidwa ndi mpingo wa National Baptist Convention wa ku America, adayamba kumanga. Adatsegulanso sukulu, adayambitsa chipatala, ndipo tchalitchi chatsopano chidadzuka pafupi ndi mabwinja a chakale chija. Mayi Flora adatenga mbali ya amayi ndi atsikana, kuwaphunzitsa kuwerenga, kusoka ndi zaukhondo. Akuluakulu adati kuthamanga si kufika: mpingo umene atsamunda ankayesa kuti adaukwirira udafalikira mpaka m'midzi ya ku Lilongwe ndi Dedza, ndi kuoloka malire kutsatira Amalawi opita kuntchito ku Rhodesia ndi ku Joni. M'chaka cha 1945 a Malikebu adasonkhanitsa mipingoyi pansi pa bungwe la National Baptist Assembly of Africa.

Pa zandale adayenda mosamala kwambiri, podziwa kuti maso a boma adali pa iwo tsiku ndi tsiku. Mwina n'chifukwa chake dzina lawo silimveka ngati la Chilembwe, amene nkhope yake ili pa ndalama zathu ndipo timamukumbukira pa 15 Januwale chaka chilichonse. Komabe anthu amene amasonkhana pa Mbombwe tsikulo amasonkhana pamalo amene a Malikebu adadzutsa.

Munthu amene adayamba mochedwayu adatsogolera PIM zaka 45. Mapeto ake sadali osalala, pakuti mumpingo mudabuka mikangano, ndipo m'chaka cha 1971 utsogoleri udapita m'manja mwa Mbusa Leonard Muocha. A Malikebu adapita ku America, koma ali nkhalamba adabwereranso ku Malawi, komwe adamwalira m'chaka cha 1978.