Ignaz Semmelweis, Dokotala Amene Anaumirira pa Kusamba m'Manja

IGNAZ SEMMELWEIS anabadwira ku Buda, m'dziko la Hungary, mu 1818. Atatsiriza maphunziro a udokotala, mu 1846 anayamba ntchito m'chigawo cha amayi oyembekezera pachipatala chachikulu cha Vienna. Kumeneko nthenda ya kutentha thupi pambuyo pa kubala inali kupulula akazi. M'wodi ya madokotala ndi ophunzira awo munali kufa pafupifupi mkazi 1 mwa 10 alionse, pamene m'wodi ya azamba imfa sizinafike ngakhale theka la zimenezo. Kodi nchiyani chinachititsa kusiyanako?

Yankho linadza mu 1847. Bwenzi lake, Jakob Kolletschka, anachekedwa ndi mpeni popima mtembo, ndipo anamwalira ali ndi zizindikiro zofanana ndi za akaziwo. Pamenepo Semmelweis anazindikira kuti madokotala anali kuchoka ku mitembo nakapima amayi ndi manja omwewo, zimene azamba sanali kuchita. Chotero analamula onse kusamba m'manja m'madzi othiramo klorini. M'miyezi yoŵerengeka, imfa zinatsika kuchokera pa 18 peresenti mu April kufika pafupifupi 2 peresenti.

Komabe, madokotala otchuka ambiri anakana kuvomereza kuti manja awo enieniwo anali kupereka imfa. Ntchito yake inatha mu 1849, ndipo anabwerera kwawo nakatumikira pachipatala cha St. Rochus ku Pest. Ngakhale buku limene anafalitsa mu 1861 linatsutsidwa. Mu 1865 anamtsekera m'chipatala cha odwala misala ku Vienna, kumene anamwalira pa August 13, ali ndi zaka 47. Munali mu 1879 pamene Louis Pasteur anasonyeza mabakiteriya ochititsa nthendayo.

Vutoli silinathe. Mu 2017 bungwe la World Health Organization linafufuza m'zipatala za m'maiko 52, kuphatikizapo Malaŵi, Mozambique, ndi Zimbabwe. Pa ana 1,000 alionse obadwa amoyo, linapeza amayi pafupifupi 70 ogonekedwa m'chipatala ali ndi matenda oyambitsidwa ndi tizilombo.

Chotero phunzirolo lidakali lofunika. Wothandiza mkazi pobala ayenera kusamba m'manja ndi sopo. Ndiponso, mayi amene pambuyo pa kubala watentha thupi, akumva kupweteka m'mimba, kapena akutuluka zonunkha kumaliseche ayenera kupita kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti kuchedwa kungatayitse moyo.