Hannah More: adalangiza amayi za pakhomo, iye akudyera cholembera

Mkangano wa za amayi ukabuka pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp, ine ndimangokhala phee n'kumawerenga. Wina akuti mkazi agonjere mwamuna wake poti Baibulo latero, wina akuti zimenezo ndi zamakedzana. Kenako wina amaponyapo chithunzi cha buku la ku America lolangiza amayi achikhristu za banja ndi ndale, ngati kuti watulukira zachilendo. Komatu mabuku amtunduwu ali ndi agogo awo. Dzina lawo ndi Hannah More, mayi wa ku England yemwe adamwalira mu 1833.

Ndidayamba kuwerenga mbiri yake ndikuganiza kuti ndipeza mayi wouma mutu woti ndingomuseka. Sizidatero.

Hannah adabadwa pa 2 February 1745 ku Fishponds, kufupi ndi mzinda wa Bristol. Adali wachinayi mwa ana asanu, onse aakazi, a mphunzitsi wotchedwa Jacob More. Bamboyu ankamuphunzitsa Chilatini ndi masamu, koma ataona kuti mwanayo masamu akuwamva mopitirira, adachita mantha n'kusiya. Masiku amenewo masamu ambiri ankaoneka osayenera mwana wamkazi. Mfundo imeneyi muisunge, tikumana nayonso kutsogoloku.

Azikulu ake adatsegula sukulu ya atsikana ku Bristol, ndipo Hannah adaphunzira komweko kenako n'kuyamba kuphunzitsa. Ali ndi zaka 22 adatomeredwa ndi William Turner, bambo wachuma yemwe adali wamkulu kwa iye ndi zaka pafupifupi 20. Tsiku laukwati linkati likayandikira, bamboyo n'kulisuntha. Zaka zisanu ndi chimodzi zidatha choncho, abale. Chitomerocho chitatha, Turner adavomera kumamupatsa mapaundi 200 chaka chilichonse ngati chipepeso, ndalama zoti munthu ankakhala nazo bwinobwino osagwira ntchito. Hannah sadakwatiwe moyo wake wonse. Ndalama za ukwati wolephereka zija ndi zomwe zidamumasula kuti akhale mlembi.

Adapita ku London komwe adacheza ndi akatswiri monga David Garrick wa zisudzo ndi Samuel Johnson wolemba dikishonale yotchuka ya Chingerezi. Sewero lake lotchedwa Percy lidaonetsedwa ku Covent Garden mu 1777 ndipo anthu adalikonda. Koma Garrick atamwalira mu 1779, mtima wa Hannah udayamba kuchoka ku zisudzo n'kulowa kwambiri m'chipembedzo. Adadziwana ndi John Newton, m'busa amene kale ankayendetsa sitima zonyamula akapolo, yemwenso adalemba nyimbo ya Amazing Grace, komanso William Wilberforce, phungu amene ankatsogolera nkhondo yothetsa malonda a akapolo. Mu 1788 Hannah adatulutsa ndakatulo yodzudzula ukapolo. Kwa munthu wa ku Bristol, mzinda womwe udalemera ndi malonda omwewo, kumeneku kudali kulimba mtima.

Ndiye kudadza chaka cha 1789, anthu a ku France ataukira ufumu. Akuluakulu a ku England adagwidwa nthumanzi kuti moto womwewo uwoloka nyanja. Thomas Paine adalemba Rights of Man, buku lonena za ufulu wa anthu wamba, ndipo mu 1792 Mary Wollstonecraft adatulutsa A Vindication of the Rights of Woman, buku lomwe ambiri amati ndi limodzi mwa maziko a gulu lomenyera ufulu wa amayi. Hannah adakana ngakhale kulitsegula. Adauza mnzake Horace Walpole m'kalata kuti mutu wokhawo udali wopanda nzeru.

Paine ndiye adamuyankha. Kabuku kake ka Village Politics ndi macheza a wosula zitsulo ndi mmisiri womanga nyumba, winayo akubweza mnzake yemwe watengeka ndi nkhani za ufulu. Kuyambira 1795 adatsogolera ntchito yosindikiza timabuku totchipa totchedwa Cheap Repository Tracts: nthano zazifupi ndi nyimbo zouza osauka kuti aleke mowa, alimbikire ntchito, aope Mulungu, akhutire ndi zomwe ali nazo. M'chaka chimodzi chokha timabukuti tidafala toposa 2 miliyoni. Ambiri ogula adali olemera, omwe ankagula mitolo n'kumagawira antchito awo. Ine pamenepo ndimadzifunsa kuti uphunguwo udakoma kwa yani kwenikweni, wogawa kapena wolandira?

Buku lomwe lidandisokoneza maganizo ndi la 1799, Strictures on the Modern System of Female Education. Mmenemo Hannah akukalipira makolo ophunzitsa atsikana kuvina, kuimba, kujambula ndi kutchena basi, n'cholinga choti akole mwamuna. Akuti mtsikana awerenge mabuku olimba, aphunzire kuganiza, chifukwa ukwati si phwando ndipo nkhope imakwinyika. Zodabwitsa n'zakuti Wollstonecraft, amene Hannah adakana kumuwerenga uja, adadandaula zomwezo. Adasiyana pa cholinga. Wollstonecraft ankati mkazi aphunzire chifukwa ndi munthu wanzeru ngati mwamuna ndipo ayenera kuima payekha. Hannah ankati aphunzire kuti akhale Mkhristu wokhwima, mkazi wapabanja wodalirika, mayi wolera bwino ana ndi wothandiza osauka, koma zolamulira dziko asiyire abambo.

Patatha zaka pafupifupi khumi adalembanso Coelebs in Search of a Wife, nthano ya mnyamata woyendayenda kusaka mkazi woyenera kumanga naye banja, mpaka adapeza Lucilla Stanley, msungwana wofatsa, wopemphera, wodziwa Chilatini koma wosadzionetsera. Bukuli lidasindikizidwa kambirimbiri chaka chisadathe ndipo lidafika mpaka ku America. Tangoganizani, mlangizi wamkulu wa zaukwati m'dziko lonse adali mayi wa zaka zoposa 60 yemwe sadalowepo m'banja, wokhala pa nyumba yakeyake ya Barley Wood ndi abale ake aakazi, wopeza yekha ndalama, wolemberana makalata ndi mabishopu ndi aphungu. Moyo womwe ankalangiza atsikana si womwe iye adakhala.

Kodi chimenechi ndi chinyengo? Ine ndikukayika kutero msanga. Mu nthawi yomwe mkazi wokwatiwa analibe mphamvu pa chuma chake pamaso pa lamulo, Hannah adatsegulira amayi khomo lina: ntchito zampingo, zachifundo ndi zamaphunziro, komwe ankatha kutsogolera popanda wowatchula oukira. Amayi ambiri adadzera khomo limenelo n'kupitirira pomwe iye ankafuna kuti aimire.

Pomwe ndimalephera kumuikira kumbuyo ndi pa nkhani ya sukulu zake. Mu 1789 Wilberforce adakacheza ku Cheddar n'kukhumudwa ndi umphawi womwe adauona. Hannah ndi mng'ono wake Martha adatsegula Sande sukulu kumeneko, kenako zina m'midzi ya m'mapiri a Mendip, pamodzi ndi magulu a amayi osonkherana ndalama zothandizana pa matenda ndi pa uchembere. Alimi olemera adalimbana nawo poopa kuti antchito akaphunzira ayamba mwano. Alongowa sadabwerere m'mbuyo. Koma ana aja ankaphunzitsidwa kuwerenga kokha, kulemba ayi. Hannah ankati wosauka akadziwa kuwerenga Baibulo ndi kugwira ntchito zamanja, zakwana. Mwana uja amene bambo ake adamudulira masamu panjira, atakula adadulira ana a anzake cholembera. Inu amene mukuwerenga izi pafoni n'kukonzeka kulemba ndemanga, dziwani kuti m'kalasi mwake mukadaloledwa mbali yoyambayo yokha.

Zidaonekanso pa nkhani ya Ann Yearsley, mayi wogulitsa mkaka ku Bristol amene ankalemba ndakatulo. Hannah adamuthandiza kusindikiza buku mu 1785, koma ndalama zake adaziika m'manja mwa iye mwini ndi mnzake Elizabeth Montagu kuti azimusungira, poopa kuti mwamuna wa Ann aziwononga. Ann adafuna ndalama zake, adakangana poyera, ndipo ubwenzi udathera pomwepo.

Ku ukalamba, bungwe la alembi la Royal Society of Literature lidafuna kumulemekeza ndi umembala. Adakana, ati poti ndi mkazi. Abale ake onse atamwalira, antchito a pa Barley Wood adayamba kumudyera chuma, mpaka mu 1828 anzake adamusamutsira ku Clifton. Adamwalira komweko pa 7 September 1833 ali ndi zaka 88, patangotha milungu yochepa Wilberforce atamwalira komanso lamulo lothetsa ukapolo m'maiko olamulidwa ndi Britain litavomerezedwa. Adasiya chuma cha mapaundi pafupifupi 30,000, chochuluka chochokera m'mabuku, ndipo gawo lalikulu adaligawira mabungwe achifundo ndi ampingo. Adaikidwa ku Wrington, pamanda amodzi ndi abale ake anayi aja.