Susanna Wesley: Mayi amene adalera chikhulupiriro pakhomo

Mukafunsa akhristu ambiri kuti adayambitsa mpingo wa Methodist ndani, sachedwa kutchula John Wesley. Ena amadziwanso mng'ono wake Charles, amene adapeka nyimbo zauzimu zoposa 6,000, ndipo zina mwa izo zidamasuliridwa m'Chichewa. Koma ndi ochepa amene amafunsa kuti anyamata awiriwa adaleredwa ndi yani.

Mayi awo adali Susanna Wesley, amene adabadwa pa 20 Januwale 1669 mumzinda wa London ku England. Iwo adali chitsirizira m'banja la ana 25 la m'busa Samuel Annesley. M'chaka cha 1688, ali ndi zaka 19, adakwatiwa ndi Samuel Wesley yemwe adadzakhala m'busa wa mpingo wa Anglican. M'chaka cha 1697 banjali lidakakhazikika m'katauni ka Epworth m'dera la Lincolnshire.

Banja la mavuto

Ku Epworth moyo sudali wa mkaka ndi uchi. Mayi Susanna adabereka ana 19 koma 9 adamwalira ali makanda. Amene adakula adali 10, anyamata atatu ndi atsikana asanu ndi awiri.

Bambo wa pakhomopo adali munthu wophunzira, koma ndalama sizinkakhalitsa m'manja mwawo. M'chaka cha 1705 adatsekeredwa m'ndende ya Lincoln kwa miyezi ingapo kaamba ka ngongole. Posowa mtengo wogwira, mkazi wawo adawatumizira mphete zake kuti agulitse apeze chakudya, koma bambowo adazibweza.

Pa nthawi ina awiriwa adasemphana pa ndale. Mayi Susanna adakana kuvomera ndi Amen pemphero lopempherera Mfumu William III poti sankaiona ngati mwini mpando weniweni. Bambo adakwiya n'kuchoka pakhomo kwa miyezi yambiri. Banjali litagwirizananso, m'chaka cha 1703 kudabadwa John.

Sukulu ya pakhomo

Ngakhale zinthu zidali chonchi, mayiyu sadalole kuti mavuto alere ana ake. Mwana akangoyamba kuyankhula, ankamuphunzitsa Pemphero la Ambuye kuti azinena podzuka ndi pogona. Akakwanitsa zaka zisanu, ankalowa sukulu ya m'nyumba momwemo, kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 12 koloko, kenaka 2 koloko mpaka 5 koloko madzulo.

Tsiku loyamba lidali la zilembo zonse za alifabeti. Ana onse adazidziwa tsiku limodzi kupatula atsikana awiri amene adatenga tsiku ndi theka. Akatero, buku loyamba kuwerenga lidali Genesis mutu 1. Sukuluyi idayenda kwa zaka pafupifupi 20.

Nthawi imeneyo ambiri ankati mwana wamkazi bola adziwe kusoka. Mayi Susanna adakhazikitsa lamulo lakuti mtsikana asagwire singano kufikira atadziwa kuwerenga bwino.

Malamulo ena adawalemba m'kalata yomwe adatumizira John m'chaka cha 1732. Mwana akavomera kulakwa kwake n'kulonjeza kusintha, samenyedwa, chifukwa mayiyu adaona kuti mantha ndiwo amaphunzitsa ana bodza. Mwana salangidwa kawiri pa mlandu umodzi. Akayesetsa kuchita chabwino, ayamikiridwe ngakhale chisadatheke bwino. Lonjezo lisungidwe, ndipo wina asatenge kanthu ka mnzake popanda chilolezo, kachepe bwanji.

Tisabise, mayiyu adalinso wolimba dzanja. Ankagwiritsa ntchito mkwapulo ngakhale kwa ana aang'ono kwambiri, zomwe masiku ano ambiri sangagwirizane nazo. Koma chimene ana ake adakumbukira atakula ndi china, monga tionere.

Phunziro la moto

Usiku wa pa 9 Febuluwale 1709 nyumba ya m'busa idapsa yonse. Mayi Susanna, ali ndi pathupi potopa, adatuluka podutsa m'malawi a moto. John, wa zaka zisanu, adatsalira m'chipinda cham'mwamba. Bambo wina adakwera pamapewa a mnzake n'kumutulutsira pawindo denga litatsala pang'ono kugwa.

Posowa pokhala, ana adagawidwa m'makomo a abale ndi anansi kufikira nyumba ina itamangidwa. Pobwerera, mayi awo adadzidzimuka. Ana aja adali atatengera mayankhulidwe achipongwe, ndipo tsiku la Mulungu sankalilemekezanso. Miyezi yowerengeka idagwedeza ntchito ya zaka zambiri.

M'malo motaya mtima, mayiyu adayambiranso. Adakonza zoti m'mawa ndi madzulo mwana wamkulu azitenga wamng'ono n'kumuwerengera Salimo ndi mutu umodzi wa m'Baibulo. Adalembanso pamanja mafotokozedwe a Chikhulupiriro cha Atumwi ndi Malamulo Khumi kuti ana ake amvetse zimene amanena pakamwa.

Koma chachikulu ndi ichi: adapatula madzulo amodzi pa sabata ocheza ndi mwana aliyense payekha za moyo wake wauzimu. Lolemba lidali la Molly, Lachiwiri la Hetty, Lachitatu la Nancy, Lachinayi la John, Lachisanu la Patty, Loweruka la Charles, pomwe Lamulungu lidali la Emily ndi Sukey. Patapita zaka 20, John ali mphunzitsi pa yunivesite ya Oxford, adalembera mayi ake kuwapempha kuti nthawi ya Lachinayi ija aziigwiritsabe ntchito pomuthandiza kuwongola mtima wake.

Mapemphero a m'khitchini

Kumapeto kwa 1711 ndi kumayambiriro kwa 1712, bambo Wesley adali ku msonkhano wa mpingo ku London. Poona kuti maulaliki a m'busa wogwirizira sakupatsa ana chakudya chokwanira, Mayi Susanna adayamba mapemphero a Lamulungu madzulo m'khitchini, kuimba Masalimo ndi kuwerenga maulaliki a m'mabuku. Anansi adapempha kulowa nawo mpaka chiwerengero chidaposa 200.

M'busa wogwirizira uja adakadandaula, ndipo bambo adalemba kalata yoti mwina ndi bwino aleke. Mayiyu adayankha mwaulemu kuti ngati afuna zileke, alamule mosapsatira, kuti mlandu wa miyoyo ya anthuwo ukhale pa iwo. Lamulolo silidabwere.

John adaona zonsezi ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Atakula n'kuyamba ntchito ya chitsitsimutso, adamva kuti Thomas Maxfield, munthu wosadzozedwa, wayamba kulalikira ku London. Adathamangira komweko kuti akamuletse, koma mayi ake adamuchenjeza kuti ayambe wamumvera. Atamumvera adamulola, ndipo alaliki osadzozedwa adadzakhala msana wa mpingo wa Methodist.

Si zonse zidayenda bwino

Anyamata onse atatu adakhala abusa, koma ena mwa atsikana adaona zakuda. Hetty adatenga pathupi asadakwatiwe ndipo adalowa m'banja lopanda chimwemwe. Sukey adagwa m'manja mwa mwamuna wankhanza, pomwe mwamuna wa Patty adali wosakhulupirika. Kulera mwana m'njira ya Mulungu sikutanthauza kuti sadzaponda minga.

Bambo Wesley atamwalira m'chaka cha 1735, Mayi Susanna ankasungidwa ndi ana awo mosinthana. Adamwalira ku London pa 23 Julayi 1742 ali ndi zaka 73, atapempha kuti akatsirizika anawo aimbe Salimo lotamanda Mulungu. Adaikidwa kumanda a Bunhill Fields.

Makolo ambiri lero timalawirira ku msika kapena ku ntchito n'kubwera kutada, ndipo za chikhulupiriro cha ana timasiyira aphunzitsi a Sande sukulu ndi a katekisimu. Komatu amenewa amakhala nawo maola ochepa chabe pa sabata. Mayi Susanna adali ndi ngongole, maliro ndi nyumba yakupsa, koma mwana aliyense ankadziwa tsiku lake locheza ndi mayi ake. Paja akulu adati kuwongola mtengo m'poyamba. Nanga wanuyo, tsiku lake ndi liti?