Ernst Ising, Mphunzitsi Amene Anaweta Nkhosa

Ana ambiri a ku Linda anaonapo maginito, citsulo cija cokoka misomali ndi singano. Citsulo cotere cikaikidwa pa moto nicitentha kufikira madigiri 770, mphamvu yace yokoka itha. Moto umenewo ndi waukulu ndithu, pakuti madzi awira pa madigiri 100 okha. Anthu anzeru anasauka zaka zambiri kufuna cifukwa cace, ndipo mmodzi wa iwo anali Ernst Ising.

Ising anabadwira ku Cologne, m'dziko la Jeremani, pa 10 May 1900. Iye anali Myuda. Pamene analikuphunzira ku Hamburg, mphunzitsi wace, Wilhelm Lenz, anampatsa funso lobvuta. M'kati mwa citsulo muli timaginito tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Tonse tikaloza mbali imodzi, citsulo cikoka; koma kutentha kukatigwedeza, tiloza uku ndi uku, mphamvu nitha. Kodi masamu angathe kuonetsa zimenezi?

Ising anayamba ndi mzere umodzi wokha. Tiyerekeze ana a sukulu ataima pa mzere wautali, yense akuyesa kupenya kumene apenya anzace awiri oyandikana naye. Mwana mmodzi wa pakati akatembenuka, onse omtsata angathe kutembenuka naye, ndipo mzere waduka pawiri, cinkana mkangano uli pa malo amodzi okha. M'caka ca 1924 Ising anaonetsa kuti mzere wotere wa timaginito sungakhale maginito weni weni, ngakhale kutentha kukhale kocepa. Apa analondola. Koma anaganiza kuti citsulo cathunthu ciri cimodzimodzi, ndipo apa analakwa.

Pambuyo pace anasiya nchito yofufuza, nakhala mphunzitsi. Hitler atatenga ufumu m'caka ca 1933, Ising anacotsedwa nchito cifukwa ca mtundu wace. Anakaphunzitsa ana a Ciyuda ku Caputh, kufupi ndi Potsdam, ndipo m'caka ca 1937 anakhala mkulu wa sukuluyo. Mu November 1938 anthu a Hitler anaiononga sukuluyo. Caka cotsata Ising anathawira ku Luxembourg pamodzi ndi mkazi wace Johanna, koma m'caka ca 1940 asilikari a Jeremani analanda dzikolonso. Munthu wophunzira uja anaweta nkhosa, nagwiranso nchito ya pa njanje, nchito yolemetsa imene anthu a ku Livingstone aidziwa bwino.

Zaka zonsezo anthu ena analikusinkhasinkha za funso lace, iye osadziwa. Tiyerekezenso ana aja ataima m'mizere yambiri pa bwalo. Tsopano yense ali ndi anzace anai, kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, ndipo mmodzi akatembenuka, anaiwo ambweza. Rudolf Peierls anaonetsa m'caka ca 1936 kuti timaginito toikidwa motere tingathe kuloza mbali imodzi. M'caka ca 1944 Lars Onsager, wobadwira ku Norway, anawerengera bwino lomwe kutentha kumene mgwirizanowo uthera. Masamu ace anali obvuta kotero kuti anzace omwe anatuluka nao thukuta.

Ising anafika ku Amereka m'caka ca 1947, ndipo kuyambira 1948 kufikira 1976 anaphunzitsa pa Bradley University mu mzinda wa Peoria. M'caka ca 1949 ndi pamene anazindikira kuti fanizo lija la timaginito lamveka kutali, ndi kuti anthu anzeru alicha ndi dzina lace. Iye sanalembenso kanthu za maginito, anangopitiriza kuphunzitsa. Anamwalira ku Peoria pa 11 May 1998, tsiku limodzi atakwanitsa zaka 98.